Ndemanga pa Ntchito ya Wojambula Zithunzi za M'mabuku wa ku Area 25

Ndimayendetsa sukulu ya mkaka ku Area 23 kuno ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zambiri mtima wanga sunakhazikike ndi mabuku a zithunzi amene timawerengera ana athu. Ambiri mwa mabukuwa ndi mphatso zochokera kunja, ena timachita kugula kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni, ndipo ngakhale ali okongola, mwana wa zaka zinayi amafika patsamba lomaliza osaonamo mbaula, chigayo kapena kabaza. Chaka chatha ndinalemba kankhani kanga m'Chichewa, ka masamba 16, konena za mtsikana amene agogo ake anamutuma ku chigayo kwa nthawi yoyamba, ndipo ndinafuna munthu woti andijambulire zithunzi 12 pamodzi ndi chikuto. Ndikulemba ndemangayi pofuna kuthandiza aphunzitsi anzanga, olemba nkhani ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono amene akuganiza zopatsa ntchito wojambula woima payekha, popeza mnyamata amene anandijambulira ndi mmodzi wa anthu oterewa.

Ndinamumva kwa kholo lina lapasukulu pathu, limene linaona zojambula zake pa Facebook. Amakhala ku Area 25, m'nyumba ya lendi imene chipinda chimodzi anachisandutsa pogwirira ntchito, ndipo sanalembedwe ndi kampani kapena bungwe lililonse. Maoda amalandira pa WhatsApp, ndalama amalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, theka poyamba ndipo theka linalo ntchito ikatha. Titakumana koyamba ku Old Town, sanathamangire kunena mtengo. Anandipempha kuti ndimuwerengere nkhani yonse mokweza, monga momwe ndingawerengere ana, ndipo ankalemba m'kope mwake malo amene mawu anga akwera ndi amene ndapumira. Pambuyo pake anandiuza kuti pamene mphunzitsi wapumira ndi pamene mwana amadzutsa maso kuyang'ana chithunzi, choncho m'pamene chithunzi chiyenera kukhala ndi chinthu chomugwira. Mtengo atautchula ndinadzidzimuka ndithu, chifukwa chithunzi chimodzi chinali pafupifupi fizi ya mwana mmodzi ya mwezi wathunthu, ndipo ndinapempha masiku awiri kuti ndikaganizire.

Chimene chinandichotsa chikayiko ndi zimene anachita sabata yoyamba. Anabwera kusukulu kwathu m'mawa, atakwera minibasi ziwiri, nakhala pakampando ka ana pansi pa mtengo wa mango ali ndi pensulo ndi kope basi. Anakhalapo mpaka nthawi ya phala. Ndinaima kumbuyo kwake kanthawi ndithu ndikuona momwe amagwirira ntchito: sankajambula nkhope za ana, koma mapazi, zigongono, ndi momwe mwana amapendekera akamatola mwala pamasewera a phada. Mtsikana wina anadutsa kunja kwa mpanda atasenza ndowa kuchokera ku kiyosiki ya madzi, ndipo iye anajambula mwachangu khosi lake lowongoka, nkhata yansanza yotulukira mbali imodzi, ndi dzanja lamanzere lotambasuka pang'ono kuti madzi asatayike. Masana anandipempha kuti wantchito wathu amuperekeze ku chigayo cha m'dera lathu, kumene anakaona mzere wa mabeseni ndi matumba, ufa woyera pansidze za woyendetsa makina, ndi amayi akupeta gaga panja. Ulendo wonsewu sanauwerengere pamtengo.

Komabe zojambula zoyamba zapensulo zitafika pafoni yanga, chimodzi chinandikhumudwitsa kwambiri. Agogo a m'nkhani yanga anawaika pakhomo la nyumba yaudzu, ali chosavala nsapato, pambali pawo pali mtondo ndi nkhuku. Agogo amene ine ndinalemba ndi a muno m'tauni, amakhala m'nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, amagulitsa tomato ndi usipa pabenchi pakhomo pawo, ndipo foni yawo amaimanga pamfundo ya chitenje. Ndinamuimbira ndi kumuuza kuti, “Mwana wanga, agogo awa si anga ayi.” Anakhala chete pang'ono, kenako anati, “Mayi, mukunena zoona, ndipo pepani. Dzanja langa linazolowera agogo amene mabungwe amaitanitsa.” Anandifotokozera kuti ndalama zambiri za wojambula ngati iye zimachokera ku mapositala ndi timabuku ta mabungwe ophunzitsa zaumoyo, zaulimi ndi zina zotere, ndipo kuti nthawi ya mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 anajambula anthu osamba m'manja ochuluka kotero kuti akangomva mawu oti “agogo” kapena “banja”, mudzi umabwera wokha papepala. Ndinaziganizira kwambiri zimenezi, chifukwa zikusonyeza kuti amene amalipira ndi amenenso amasankha momwe Mmalawi aonekere pachithunzi, ndipo ana a ku Kawale, Mchesi, Chinsapo ndi Area 23 sapezeka kawirikawiri. Patapita masiku atatu anatumiza agogo ena, a duku lawo ndi mapatapata, akuwerenga ndalama zachigayo kuchokera m'kachikwama, ndipo kumbuyo kwawo kukuoneka waya wa magetsi ndi mpanda wa njerwa wosamalizidwa. Sanalipiritse kanthu pa kukonzako, ngakhale chinali chithunzi chatsopano kotheratu.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi kadongosolo, ndipo kogwirizana ndi munthu wosadziwa zaluso ngati ine. Amayamba ndi tizithunzi tating'ono tapensulo ta buku lonse papepala limodzi, kuti muone momwe nkhani ikuyendera kuchokera tsamba ili kupita lina. Mukavomereza, amajambula chithunzi chilichonse mokulirapo, ndipo apa ndi pamene mwiniwake wa ntchito ayenera kulankhula zonse zakukhosi, chifukwa akayamba kupaka mitundu amalola kusintha kawiri kokha, kusintha kwachitatu kumakhala ndi mtengo wake. Mitundu amapakira pa laputopu pogwiritsa ntchito tabuleti yojambulira ndi pulogalamu ya Krita, imene ndi yaulere. Anandiuza kuti anasiya mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi chifukwa amafuna madola, ndipo kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale kansonga ka cholembera cha tabuleti kanasanduka chinthu chochisamala ngati dzira. Nditamva zimenezi, ndi kuona kuti chithunzi chimodzi chimamutengera masiku awiri kapena atatu, mtengo uja ndinasiya kuuona ngati wokwera. Pa ndalama yomweyo payenera kuchoka lendi, mabando a intaneti, thiransipoti ndi chakudya cha masabata amene kulibe oda.

Mmodzi wa aphunzitsi anga, mwa chikondi chake chofuna kupulumutsa ndalama za sukulu, anayesa kupanga zithunzi zomwezi ndi pulogalamu ya pafoni yojambula yokha munthu akailembera mawu. Zinatuluka msanga ndipo zinali zowala bwino, koma nsima inkaoneka ngati mpunga woumba, agogo anavala zovala za ku West Africa, ndipo nkhope ya mtsikana inkasintha patsamba lililonse. Ana amazindikira msanga zoterezi, ndipo akataya mwini nkhani amataya nkhani yonse. M'zithunzi za mnyamata wa ku Area 25, mtsikanayo ndi yemweyo kuyambira pachikuto mpaka pomaliza, ndi kampata kake ka mano ndi diresi lake lachikasu long'ambika pang'ono pathumba.

Vuto lalikulu linali nthawi. Tinagwirizana masabata asanu ndi limodzi, koma ntchito inatenga masabata asanu ndi anayi, ndipo buku linaphonya tsiku lotsekera teremu limene ndinafuna kuligawira makolo. Kuzimazima kwa magetsi kunathandizira, chifukwa batire ya laputopu yake sikhalitsa, ndipo zimenezo ndinazimvetsa popeza tonse muno timazidziwa. Chimene sindinakondwere nacho n'chakuti pakati pa ntchito yanga analandira oda yachangu yochokera ku bungwe lina, nasiya zanga osandiuza, ndipo kwa masiku anayi mauthenga anga ankaoneka kuti awerengedwa koma yankho kunalibe. Atayankha ananena zoona zokhazokha ndi kupepesa, ndipo ndikudziwa kuti munthu wopanda malipiro apamwezi sangakane ntchito ya ndalama zambiri ikamupeza. Koma uthenga umodzi wondichenjeza ukanandithandiza kusintha mapulani anga osachita manyazi pamaso pa makolo. Ili ndi khalidwe limene ayenera kulikonza, ndipo ndinamuuza pamaso.

Pamene ndinaona kufunika kwake kwenikweni ndi pa nthawi yosindikiza. Ine ndinkaganiza kuti akatumiza mafayilo ndiye kuti wamaliza, koma anaumirira kuti tipitire limodzi kwa osindikiza ku Old Town ndipo tipemphe tsamba limodzi loyesera asanayendetse makope onse 200. Tsambalo litatuluka ndinagwira pakamwa. Khungu la ana, limene pafoni linali lofiirira ndi lamoyo, linatuluka lakuda bii ngati mwaye wapamphika, moti maso ndi milomo zinasowa, ndipo masamba a mango anazimiririka. Iye sanadabwe. Anandifotokozera kuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, m'njira yotchedwa RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi m'njira ya CMYK, ndipo mtundu wa khungu lathu ndi umodzi wa imene imawonongeka msanga inki yakuda ikachuluka, makamaka papepala lopanda gulosi limene limamwa inki. Anatsegula laputopu yake pakauntala pomwepo, nachepetsa yakuda pankhope zonse, nawonjezera yofiira ndi yachikasu pamasaya ndi pamphumi, ndipo tsamba lachitatu loyesera linatuluka ana athu akuoneka ngati ana athu. Zithunzi zonse anali atazikonza pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse kuti zituluke zooneka bwino, ndi kusiya mamilimita atatu opyola m'mphepete kuti mpeni wodulira usasiye mzere woyera, zinthu zimene ine sindikanazifunsa n'komwe. Tsiku limenelo anataya maola anayi, ndipo ndinachita kumukakamiza kuti alandire ya thiransipoti.

Panali kusamvana kwina kumene mbali ya vuto inali yanga. Buku litatuluka ndinafuna kuti mmisiri wolemba zikwangwani akope chithunzi cha pachikuto pakhoma la sukulu loyang'ana kumsewu, ndipo nditamuuza wojambulayo monga nkhani yosangalatsa, anandiyankha mwaulemu kuti tinagwirizana za buku, osati za khoma, ndipo kuti kugwiritsa ntchito chithunzicho poitanira makasitomala ndi nkhani ina. Poyamba zinandipweteka, popeza ndinali nditalipira zonse. Koma lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zojambula monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe loyang'anira umwini wa zaluso la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, si la oimba okha monga ambirife timaganizira. Cholakwika chinali chakuti tonse awiri tinadalira mauthenga a pa WhatsApp ndi kukhulupirirana, osalemba pepala lonena kuti zithunzizo zigwira ntchito pati, makope angati, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Iye monga katswiri anayenera kubweretsa pepala limeneli tsiku loyamba, ndipo ine monga mwini sukulu ndinayenera kulifunsa. Tinakhala pansi, tinalemba tsamba limodzi, ndinawonjezera ndalama pang'ono, ndipo iye anapempha kuti dzina lake lilembedwe pansi pa chithunzi cha pakhomacho, zimene ndinavomera ndi mtima wonse.

Tsiku loyamba kuwerenga bukuli m'kalasi, sindinathe kudutsa tsamba lachisanu pa nthawi yake, chifukwa ana anaimirira ndi kuunjikana kutsogolo. Mnyamata wina analoza munthu wa kabaza amene ali kumbuyo kwa chithunzi, munthu amene mulibe n'komwe m'nkhani yanga, nakuwa kuti ndi amalume ake. Mtsikana wina anawerenga mabeseni a pamzere wa chigayo mpaka asanu ndi awiri, ndiye kuti phunziro la masamu linalowa lokha. Tinthu tating'onoting'ono timeneti, galu wogona pansi pa benchi, galimoto yamawaya m'manja mwa kamnyamata, chiwaya cha tchipisi pakona, ndi timene wojambulayu anaona ndi maso ake m'mawa uja, ndipo ndi timene timabwezera ana kubukuli ngakhale nkhaniyo anaiiloweza kale.

Kwa amene akufuna zithunzi za buku la ana, chizindikiro cha malonda kapena kabuku kophunzitsira, ndikumuvomereza, pokhapokha mukhale ndi nthawi yokwanira. Onjezerani masabata atatu pa tsiku limene angakuuzeni, lembani mgwirizano musanatumize theka loyamba, ndipo musavomereze zojambula zapensulo mwaulemu chabe ngati mtima wanu ukukana. Ngati ntchito yanu ndi yofunika mawa lomwe, monga positala ya msonkhano wa kumapeto kwa sabata, munthuyu si woyenera. Ine ndamupatsa kale buku lachiwiri, lonena za mnyamata amene anasochera mumsika waukulu wa Lilongwe, ndipo ulendo uno pepala la mgwirizano tasainirana lili ndi tsiku lomalizira ndi lamulo loti azindiuza akalandira ntchito ina. Loweruka likubwerali tikakumana pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe 7 koloko m'mawa, chifukwa akufuna kukajambula amayi ogulitsa masamba akutsitsa madengu dzuwa lisanakwere.