Bokosi langa la ku Sweden latha miyezi 14

Anyamata a kabaza a pa Luchenza anaipatsa dzina galimoto yanga sabata yoyamba yomweyo: Bokosi. Ena amawonjezera kuti la maliro, poti ndi yakuda, yaitali, ndipo ngodya zake zili ngati anachita kupala ndi kalipentala. Ndi Volvo 940 ya 1995, yopangidwa ndi kampani ya ku Sweden, injini ya malita 2.3 ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu), magiya osintha ndi dzanja. Ndinaigula mu Ogasiti 2024 kwa madala ena amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi. Inali itakhala zaka ziwiri pansi pa mtengo wa mapeyala, matayala ataphwa, m'buti makoswe atamangamo mudzi. Pano ndayenda nayo makilomita pafupifupi 17,000, ndipo anzanga amene ankandiseka aja ndi omwe ayamba kufunsa ngati nawonso asake yawo.

Ndikanakhala kuti ndinkangofuna yopitira kuntchito, bwenzi nditagula Sienta ngati wina aliyense. Ine ndinkafuna galimoto yakale yoti ndiziigwiragwira ndekha, ndiiwonjezere mphamvu pang'onopang'ono. Poyamba mtima unali pa Saab 9-5, chifukwa kompyuta yake, Trionic 7, munthu amatha kuisintha ndi laputopu pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya T7Suite. Koma kampani ya Saab inagwa mu 2011, ndipo kachipangizo kake kopereka moto kokhala pamwamba pa mapulagi kakapsa, galimoto imaima pomwepo. Ukakapeza kuti ku Mulanje kuno? Ndinaganizirako Volvo 850 T5, ya masilinda asanu ndi mphamvu ya mahosipawa (hp) 225. Yokoma, koma injini yake ndi yopingasa, yopanikizana, ndipo lamba wa timing akaduka mavavu amapindika. Pa 940 lamba ameneyu akaduka injini imangozima. Umaika wina n'kupitiriza ulendo. Imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo ukatsegula boneti malo ndi ambiri moti mwana atha kuimamo. Zimenezi ndi zomwe zinandigonjetsa.

Injini yangayi imatchedwa B230FK, ya 135 hp. Ili ndi mkulu wake, B230FT, ya 165 hp. Chitsulo chake ndi chimodzimodzi, turbo yake ndi yomweyo ya Mitsubishi ya 13C, kusiyana kwakukulu n'kwakuti FK anaimanga kuti turbo izikankha mpweya wochepa. Kunena kwina, mphamvu zinazo zilimo kale, zangotsekeredwa. Za zaka zimenezi zilinso ndi timipopi topopera oyilo pansi pa mapisitoni kuti asatenthe kwambiri, n'chifukwa chake anthu osewera ndi magalimotowa amasaka za kuyambira 1993 kupita m'tsogolo.

Tsiku lomwe tinaikokera ku galaja ndinali nditagula kale kavavu kowonjezera boost, kutanthauza mphamvu ya mpweya umene turbo imakankha, kali m'thumba. Amakaniko anga, munthu amene anakulira pa mathirakitala ndi ma Land Rover a ku esiteti, anakayang'ana n'kundibwezera.

“Achimwene, wodwala sathamanga. Tiyambe taichiritsa.”

Kuchiritsako kunatenga mwezi ndi theka. Lamba wa timing, pampu ya madzi, radiyeta, mapaipi onse a rabara, mafuta a mabuleki. Anandionetsa kanthu kamene sindidzaiwala: injini ikulira anatsegula pothirira oyilo, n'kuvundikirapo kajumbo kopyapyala. Kajumboko kanafufuma ngati chibaluni. Ndiye kuti kabokosi kopumira injini, kamene kamakhala pansi pa manifodi, kanali katatsekeka ndi utsi wa oyilo wouma. Ukakasiya choncho n'kuwonjezera boost, oyilo amatulukira m'masili monse. Tinakanyika mu petulo usiku wonse, m'mawa tikutokosa ndi waya kunkatuluka zinthu ngati makala.

Mapulagi sanavute. Imafuna NGK BPR6ES, omwewo amene amalowa m'majenereta ndi m'mapampu othirira dimba, moti ndinawapeza m'sitolo ya hadiweya. Matayala ndi 195/65 R15, ali paliponse. Marimu ndiye ayi: mabowo ake ndi 5x108, a Toyota salowa, ndipo limodzi likapindika pa dzenje umayamba kuimbira anthu mafoni.

Chimene ndimakonda kwambiri pa galimotoyi ndi kabokosi kakuda kakang'ono kamene kali m'boneti, pafupi ndi shoku. Kali ndi kachingwe, kabatani ndi kanyali kofiira. Ukalowetsa kachingweko pa bowo nambala 2, n'kutsegula kiyi, n'kudina kabataniko, kanyali kamaphethira ndipo iwe umangowerenga. Kamodzi, kamodzi, kamodzi: palibe vuto. Tsiku lina inkatsamwatsamwa pokwera, kanaphethira 1-2-1, kutanthauza kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini. Tinapeza kuti pulagi yake yachita dzimbiri, tinapukuta, basi. Palibe amene anandilipiritsa za kompyuta. Vuto lina linali loti nthawi zina, ikatentha, inkakana kulira mpaka itazizira. Linali relay ya pampu ya petulo, imene imakhala kuseri kwa kabokosi ka phulusa la fodya. Mnyamata wokonza mafoni pa boma la Thyolo anaitsegula, anaona mtovu utang'ambika, anawotcherera, ndipo mpaka lero sinabwerezenso.

Itachira, tinaika geji ya boost. Inkaonetsa pafupifupi 0.3 bar. Tinamangirira kavavu kaja n'kukweza kufika 0.6. Abale, galimoto inasintha. Msewu wa M2 kuchoka pa Luchenza kukwera ku Thyolo, pamene kale ndinkatsitsa giya kuti ndipitirire lole ya tiyi, tsopano ndinkangoponda pang'ono, kamluzu ka turbo n'kumveka, lole n'kutsala. A kabaza aja anasiya kuseka. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Apa m'pamene ndinapusa. Loweruka lina, ndili ndekha, ndinapotoza kavavu kaja mpaka geji inafika 0.9. Sindinauze amakaniko. Kwa milungu iwiri ndinkadziona ngati mfumu ya msewu.

Amene anali ndi galimoto kumapeto kwa 2024 akukumbukira mizere ya mafuta. Ndinagonapo kawiri pa filing'i siteshoni osapeza kanthu. Tsiku lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, ndinali ndi ulendo wa ku Limbe wosalephereka, ndiye ndinagula malita khumi a m'zigubu kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu. Mtundu wake unali wokayikitsa, fungo lake linali ndi kena kake ngati parafini, koma ndinathira. Pokwera chitunda, giya yachinayi, phazi pansi, ndinamva kaphokoso ngati munthu akugwedeza timiyala m'chitini. Ndinkadziwa kuti kumeneko ndi kugogoda, kuti petulo akuphulika nthawi yake isanakwane. Injini imeneyi ili ndi sensa yomva kugogodako, ndipo kompyuta imachedwetsa moto kuti iziteteze, koma ili ndi malire ake. Ine m'malo mochotsa phazi ndinati ndimalize kaye kupitirira minibasi. Tisanafike pa Bvumbwe muvi wa kutentha unali utakwera, kumbuyo kukutuluka utsi woyera wonunkhira ngati shuga wopsa. Gasiketi ya hedi inali itapita.

Amakaniko atabwera sanakalipe. Anatsegula boneti, anayang'ana kavavu kaja, anawerenga mizere ya sikuluwu imene inatsala panja.

“Munapotoza kangati, achimwene?”

“Kawiri basi.”

“Kanayi,” anatero, n'kuyamba kumasula mapaipi.

Mwayi wake mapisitoni sanasungunuke. Hedi tinaipititsa ku Blantyre kukaipala, tsiku limodzi zinatheka. Gasiketi ndiyo inandionetsa zakuda. Ku Limbe ndinazungulira masitolo onse a masipeya, ena ankandifunsa kawiri ngati ndikunena Volvo ya lole. Ndinatuma mlamu wanga ku Johannesburg, ndalama zake kuzipeza movutikira poti forex inali yosowa, katundu n'kubwera pa basi patatha milungu itatu. Potsegula, inali ya injini ya masilinda asanu. Wogulitsayo anangomva kuti Volvo. Yolondola inafika patatha milungu ina iwiri, nditatumiza chithunzi cha yakale itagonekedwa pa nyuzipepala, tepi yoyezera ili pambali. Milungu isanu yonseyo ndinkakwera Sienta, anthu anayi mpando umodzi, ndipo mayi a kunyumba sananene kanthu, chomwe chinali chowawa kuposa akanalankhula.

Kuchokera pamenepo boost ili pa 0.6, ndipo kavavu kaja amakaniko anakapaka penti kuti akadzaona yang'ambika adziwe. Tinaika mapulagi ozizirirapo, opirira kutentha, a BPR7ES. Petulo wa m'zigubu ndikakakamizika kuthira, ndimayenda ngati ndanyamula mazira, muvi wa boost osaulola kudutsa ziro. Zimene amachita anzathu a ku Sweden ndi ku UK, kusintha machipu a kompyuta ya injiniyi yotchedwa LH 2.4, kuika ma injector (zopopera petulo mu injini) akuluakulu ndi turbo yaikulu, n'zoona ndipo injiniyi imapirira. Koma iwo amathira petulo wa 98, wosagogoda msanga, amene amadziwa kuti mawa adzakhala yemweyo. Ine ndili ndi turbo yokulirapo ya 15G yochokera mu Volvo 850 yophwasulidwa, ndinaitanitsa ndili pa changu chija, ndipo ikadali m'katoni pamwamba pa wadiropu. Ndikaganiza za timiyala tija m'chitini, ndimaisiya pomwepo.

Ndalama zina zomwe ndinataya ndi za masipuling'i ofupikitsa galimoto. Inkaoneka bwino zedi itaima. Koma mahampu a pa Bvumbwe ndi pa Thyolo ankakhula ekizozi mpaka mano kuyayamira, ndipo msewu wafumbi wopita kwathu, umene mvula ya Freddy inaukumba mu 2023 ndipo sunabwererenso mwakale, sinkatha kuudutsa popanda wina kutsika kukaika miyala. Patatha miyezi iwiri ndinabwezeretsa akale, n'kuika mashoku atsopano ndi mabushi. Pamenepo m'pamene inakhala pansi bwino pa makona.

Nthawi ya chiperoni muisamale. Mu Juni, nkhungu itatseka minda ya tiyi, phula litanyowa ndipo mathirakitala atapakapo dothi lofiira lija, ndinaponda potuluka pa kona, turbo inadzuka, kumbuyo kunatsetsereka kufuna kunditsogolera. Amene anazolowera galimoto zokoka ndi kutsogolo zimenezi sazidziwa. Ndinaiwongola, koma mtima unali m'kamwa mpaka kunyumba. Tsopano matayala abwino amakhala kumbuyo, ndipo nyengo yamvula m'buti mumakhala thumba la mchenga la makilogalamu 50.

Pa mafuta siinama. Ndikamayenda mwaulemu imandipatsa makilomita 9 pa lita, ndikamasewera imatsika kufika 7 ngakhale 6. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi ndi turbo, fyuluta ya Mann W917 ndimaitanitsa zitatuzitatu, ndipo ndikafika kuchokera ulendo wautali ndimaisiya ilire mphindi imodzi ndisanazime. COF inadutsa popanda nkhani. Mipando yake, ngakhale chikopa chinang'ambika, palibe galimoto ya m'tauni muno imene ndinakhalamo yofanana nayo. Ndimafika ku Muloza msana uli bwinobwino. Ziwindi zamagetsi zakumbuyo zimagwira zikafuna. Eyakoni inafa kalekale ndipo sindinaiukitse.

Kwa anzanga ofunsa aja: ngati imeneyi idzakhale galimoto yanu yokhayo, ya kusukulu kwa ana ndi kuchipatala usiku, musagule. Ngati muli ndi ina, muli ndi m'bale ku Joni wodziwa kuwerenga nambala ya sipeya, komanso makaniko amene saopa kuganiza, sakani ya turbo ya kuyambira 1993, muyang'ane dzimbiri pansi pa makapeti ndi m'buti, muchite za kajumbo zija, ndipo ndalama zomwe mwagulira mukonzenso zina zonga zomwezo za chaka choyamba. Ine zinapitirira.

Mwezi watha ndinakumana ndi madala amene anandigulitsa aja akudikira minibasi pa Thyolo, atanyamula thireyi ya mazira. Ndinawatenga. Anakhala kutsogolo, akusisita dashibodi, akundiuza kuti anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Titafika pa chitunda chowongoka ndinaponda, kamluzu kanalira, msana wawo unakanikizika ku mpando. Anakhala chete kaye.

“Mwana wanga, zaka zonse zija inkandibisira zimenezi?”

Ndisanayankhe analoza kutsogolo ndi chibwano, manja onse ali pa thireyi.

“Hampu iyo. Mazirawa ndi oda ya anthu.”