Kadzidzi wa pulasitiki ndi twaini pa boti langa: patha miyezi 8

Mwezi wa Epulo ndinayamikira kwambiri kadzidzi wa pulasitiki amene msuweni wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndinauza anthu kuti wathetsa vuto la zitosi pa boti langa ndi pa jeti, kamlatho kokwerera ndi kutsikira boti. Tsopano ndi Disembala, ndipo mawu aja ndiyenera kuwakonza, chifukwa anzanga awiri anaitanitsa wawo atamva kwa ine.

Boti langa ndi la faibala, lonyamula alendo, ndipo limagona pa nangula pafupi ndi kajeti ka matabwa, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Amene mumadziwa dera lino mukudziwanso chilumba cha Boadzulu, chimene miyala yake imaoneka yoyera patali chifukwa cha zitosi za mphipi zimene zimaswana kumeneko. Mphipi zomwezo ndizo zimabwera kwa ine. Mbalameyi ikamira pofuna nsomba nthenga zake zimanyowa, ndiye imafuna poti itere, itambasule mapiko, iume. Denga la boti ndi mitengo ya jeti ndi malo abwino zedi kwa iyo. Ikauma imasiya zake: zoyera, zamadzimadzi, zonunkha nsomba yovunda. Zikauma padzuwa zimamatirira ngati laimu ndipo zimadya penti. Pa thabwa zikanyowa zimaterera, moti tsiku lina mayi wina wachikulire anatsala pang'ono kugwera m'madzi potsika boti. Tsiku limenelo mtima unandipweteka, ndipo m'pamene ndinayamba kufunafuna njira.

Kadzidzi uja ndi wamtali ngati mkono, maso achikasu, mutu wozungulira ndi mphepo. Masabata atatu oyamba anagwiradi ntchito. Mphipi zinkabwera, kuzungulira, n'kukatera kwina. Sabata yachinayi ndinapeza imodzi itatera kumapeto kwa denga. Pofika mwezi wa Juni zinali kutera pambali pake penipeni, ndipo iyenso anali atayera zitosi kumsana. Ndinayesa kumusuntha masiku awiri alionse, lero kutsogolo, mawa pa jeti, ndipo zimenezi zinathandizako pang'ono. Koma mbalame imazolowera chinthu chimene sichiithamangitsa. Mwera utayamba kuomba mwamphamvu mutu uja unathyoka pakhosi, ndinaumata, unathyokanso. Dzuwa la Okutobala lamuchotsa mtundu, tsopano ndi wotuwa.

Palinso china chimene sindinachiganizire. Kwathu kuno kadzidzi si mbalame yoti munthu n'kuiika poyera anthu osafunsa. Asodzi ena achikulire a pa doko sanasangalale nazo, ndipo a Gogo ena anandifunsa maso ndi maso: "Mwanawe, chimenechi mwaikiranji pamadzi pamene tonse timadyerapo?" Ndinawafotokozera, ndinawapatsa kuti agwire aone kuti ndi pulasitiki, anamvetsa. Komabe ndikanadziwa ndikanayamba ndawauza ndisanamuike.

Chimene chathandiza mpaka lero ndi chinthu chotsika mtengo: twaini. Ndinakhoma timitengo tatifupi, totalika ngati chikhatho, m'mbali mwa denga, n'kukunga twaini mizere mizere, mpata wake wosapitirira phazi limodzi. Pa jeti ndinachitanso chimodzimodzi pamwamba pa mtengo wogwirira. Mphipi ndi mbalame yolemera, imatera ndi mapiko otambasuka, ndiye ikaona zingwe pamalo amene ikufuna kuponda imalephera kutsika. Apa palibe zoopseza, choncho palibenso zozolowera. Kuyambira Julayi denga ndimalitsuka kamodzi pa sabata, pamene kale linali la m'mawa uliwonse ndi ndowa ndi bulashi alendo asanafike.

Apa ndichenjeze mwamphamvu. Poyamba ndinagwiritsa ntchito nayiloni wopyapyala wa mbedza, wosaoneka uja. M'mawa wina ndinapeza kakowa atakodwa phiko, akuphupha, nayiloni atamucheka pansi pa nthenga. Ndinamufunda ndi thumba kumutu, n'kudula pang'onopang'ono ndi mpeni, ndipo anauluka, koma magazi ake anatsala pa dzanja langa. Tsiku lomwelo ndinachotsa nayiloni yense n'kuika twaini wokhuthala, woyera, wooneka bwino, ndipo ndinamangako tinsalu apa ndi apo. Chiyambire pamenepo palibe mbalame yakodwapo. Pa chifukwa chomwechi ukonde wakale kapena neti ya udzudzu musaphimbire boti, ngakhale ena amatero. Alendo amene ndimanyamula amabwera kudzaona nkhwazi ndi mbalame zimenezi. Boadzulu ili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo ine ndimadya chifukwa mbalamezo zilipo. Ndikufuna zitere kwina, osati zife.

Twaini naye ali ndi zake. Amafwifwa ndi dzuwa, ndipo ndamusintha kawiri kale. Mwera ukaomba amakhwefuka, ndipo akakhwefuka mbalame zimangomuponda n'kukhala, ndiye pafunika kumakoka kawirikawiri. Timbalame tating'ono ta mawanga akuda ndi oyera, timene timadumphira nsomba, timatera pa twaini pomwepo, koma zitosi zake n'zochepa.

Ma CD akale amene ndinapachika ananyezimira milungu ingapo, kenako anachita dzimbiri la madzi n'kusiya. Mipando ndi injini ndimaphimba ndi tenti madzulo aliwonse, ndipo kukutumula tenti n'kosavuta kusiyana ndi kupala penti. Ndinaletsanso anyamata kutumbulira nsomba pa jeti, chifukwa matumbo ndiwo ankaitana akhwangwala. Anamzeze amene amanga chisa pansi pa matabwa ndawasiya, sandilakwira kanthu.

Anzanga awiri aja ndapita kukawaona ndekha ndi mpukutu wa twaini. Kadzidzi wanga ali m'nyumba yosungira katundu. Mvula yayamba, mpoto wayamba kuomba, ndipo sabata ino ndikusintha timitengo tija, chifukwa tiwiri tawola m'tsinde, ndiike tachitsulo.