GE 9HA.01: tabaini yosamala gasi, koma si ya paliponse

Makina awa, opangidwa ndi kampani ya General Electric (GE), ndi a masiteshoni akuluakulu opanga magetsi ndi gasi, ndipo amazungulira ka 3,000 pa mphindi kuti atulutse magetsi a 50 Hz. Anatchuka mu 2016 pa siteshoni ya kampani ya magetsi ya EDF ku Bouchain, France, ya mamegawati 605, pomwe 62.22 peresenti ya mphamvu ya gasi inasanduka magetsi. Tabaini ya gasi payokha imangodutsa pang'ono 40 peresenti. Zotsalazo zimachokera ku utsi wake wotentha madigiri opitirira 600, umene umalowetsedwa m'boyila n'kupanga nthunzi yoyendetsa tabaini yachiwiri.

Wogula asamale ndi nambala ya 62.22 peresentiyi. Opanga makina powerenga mphamvu ya gasi saphatikiza kutentha kumene kumathawa ndi nthunzi ya mu utsi, pomwe ogulitsa gasi amakuphatikiza, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi 11 peresenti. Choncho megawati imodzi kwa ola limodzi imadya ma MMBtu (muyeso wa mphamvu ya gasi umene ogulitsa amagwiritsa ntchito) opitirira pang'ono 6. Gasi akakhala pa madola 3 pa MMBtu, mtengo wa gasi yekha pa megawati imodzi kwa ola limodzi ndi madola pafupifupi 18. Akafika madola 12, monga zimachitikira ndi gasi wobwera pa sitima zapamadzi, bilu imakwera kufika madola pafupifupi 73, makina ali omwewo. Apa m'pamene phindu limabadwira kapena kufera.

Mphamvu yolembedwa pa pepala anayezera pa madigiri 15, m'mbali mwa nyanja yamchere. Kukatentha madigiri 35 mpweya umapepuka, kompuresa, mbali yokoka ndi kupanikiza mpweya wolowa m'tabaini, imakoka wochepa, ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 la mphamvu likhoza kutayika. Kumalo okwera mamita 1,000 kutayika kwake n'kofanana ndi kumeneko. Fumbi nalo ndi mdani: masefa akatsekeka kapena zipeni za kompuresa zikakutidwa ndi litsiro, gasi amapita wambiri koma magetsi n'kumachepa, mpaka aziitsuka ndi madzi oyeretsedwa bwino.

Mbali yovuta kwambiri ndi zipeni za mzere woyamba wa tabaini, zimene zimawombedwa ndi moto weniweniwo. Mu 2018 makina a mtundu wa HA ku Texas anaimitsidwa zipeni zitadyeka ndi kutentha, ndipo GE inasintha kapangidwe kake. Wogula aonetsetse kuti mgwirizano wokonza makina ukutchula bwino amene adzalipire zipeni zikaonongeka nthawi isanakwane. Kuzimitsa ndi kuyatsa pafupipafupi kumazikalambitsa msanga, chifukwa chitsulo chimafufuma n'kunyala.

Tabainiyi imadzuka mwachangu, pasanathe theka la ola ikayatsidwa idakali yotentha. Koma kukula kwakeko n'koopsa pa gridi (mawaya ogawa magetsi m'dziko) yaing'ono: ikazima mwadzidzidzi, mamegawati 600 amasowa kamodzin'kamodzi. Imayenera kumene kuli paipi ya gasi yodalirika, gridi yaikulu, ndi ntchito ya maola ambiri pa chaka. Kwina konse mainjini ang'onoang'ono angapo amagwira bwino.