Tsamba la "Top 20", kavidiyo, kapena khadi la FAZ: ndalama ya mwana wa mpira ipite kuti?

Ndimathandiza kuphunzitsa anyamata mpira kuno ku Kapata, ku Chipata m'Zambia, ndipo masiku ano makolo akundifunsa funso limodzimodzi: "Akochi, kuli tsamba pa Facebook likuti liika mwana wanga pamndandanda wa osewera abwino a kuno kum'mawa, ndilipire?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Njira zimene makolo akuponyako ndalama ndi zitatu, ndipo sindibisa, imodzi mwa izo ndili nayo mkwiyo.

Ndiyambe ndi masamba a masanjidwewa. Mlongo wanga amagulitsa kumsika, ndipo mwana wake amasewera pakati, nambala sikisi. Tsamba lina, sindilitchula, linamuuza kuti alipire kamodzi kokha mwanayo aonekere kwa ma scout, anthu ofufuza osewera aluso. Ndalama yake inali yokwana nsapato zabwino za mpira zapasalaula. Chithunzi chinatuluka chokongola ndithu, jezi ikuwala, dzina m'zilembo zikuluzikulu, koma chakumunsi kwa mndandanda. Kenako uthenga unabwera woti kukwera kumadalira mavoti, ndipo voti iliyonse ndi ndalama pafoni. Achibale a ku Katete ndi ku Lundazi anavota ndi mtima wonse, mnyamata nakwera. Mwezi utatha dzina linasowa. Atafunsa, anamuuza kuti malipiro aja anali a mwezi umodzi, mawu amene poyamba sanawatchule n'komwe.

Ndalama imapita, ina imabwera. Chimene chinandiwawa ndi zimene analemba pachithunzipo. Anati mwanayo ndi womwetsa zigoli, pomwe ntchito yake ndi kulanda mpira ndi kugawira anzake. Palibe mmodzi wa iwo anafikapo pabwalo kudzamuona, ngakhale kufunsa kuti amamenya ndi mwendo uti. Anachita ngati wogula nshawa amene akutchula mtengo thumba asanalimasule. Choipitsitsa, anamuchotsera chaka chimodzi. Mlongo wanga atadandaula, anamuyankha kuti zaka zochepa zimakopa ma scout, ndipo ngati akufuna zikonzedwe alipirenso wokonza chithunzi.

Makolo anzanga, nkhani ya zaka si yoseweretsa. Kuyambira 2009 FIFA imagwiritsa ntchito makina a MRI kuunika fupa la padzanja pofuna kutsimikiza zaka za osewera osapitirira 17, ndipo CAF, bungwe la mpira la mu Africa, nayo imachita chimodzimodzi. Kalabu iliyonse yodzilemekeza imayamba yafufuza dzina la mwana isanamuitane. Ikapeza chikalata chobadwira chikunena china, chithunzi cha pa intaneti chikunena china, amene amamukayikira ndi mwanayo, osati mwini tsamba. Ndipo chithunzi chimene azakhali ndi amalume anachigawa kale m'magulu awo simungachibweze. Cha mwana wa mlongo wanga chikuyendabe mpaka lero.

Masanjidwe otere ali ndi kwawo. Ku America makochi a m'makoleji amafunafuna ana oti awapatse malo a maphunziro kudzera mumpira, choncho kutchuka pa intaneti kumakhala ndi kolowera. Kuno khomo lotero mulipeza kuti? Ngakhale mitengo ya osewera akuluakulu imene timakanganirana pa tsamba la Transfermarkt ndi yongoyerekeza, si ndalama imene kalabu inalonjeza.

Njira yachiwiri ndi kavidiyo kojambula nokha. Iyi sindiikana, bola muichite bwino. Tizidutswa ta mphindi ziwiri toika nyimbo kumbuyo timakometsa aliyense, ngakhale amene amatopa theka loyamba lisanathe. Wodziwa mpira amafuna masewero onse, aone zimene mwana amachita mpira ukakhala kutali ndi iye, ndiponso nkhope yake timu ikamagonja. Imani pamalo okwera, foni muigoneke cham'mbali, nambala ya jezi izioneka. Mtengo wake ndi bandulo basi. Sungani vidiyoyo kuti muitumize kwa munthu amene waipempha. Kuimwaza paliponse sikuwonjezera kanthu.

Yachitatu ndiyo yosasangalatsa m'maso: kulembetsa mwana ku timu yodziwika ku FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, azisewera ligi ndi mipikisano ya masukulu. Pamafunika chikalata chobadwira, tizithunzi, chitupa cha NRC akafika zaka 16, ndi kudikira. Palibe amene adzakuyamikireni pa Facebook chifukwa cha khadi. Koma khadilo ndi limene limalemba mbiri ya mwana pamalo pamene dziko lonse la mpira limawerenga. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Kuyambira 2022 ndalama zotere zimadutsa ku FIFA Clearing House, imene imayang'ana zolembedwa m'kompyuta. Chaka chimene mwana anasewera osalembetsedwa chimakhala chopanda kanthu, ngakhale anamwetsa zigoli zingati pabwalo lafumbi ku Mchini. Katimu kamene kanamugulira mpira woyamba sikalandira olo ngwee.

Lamulo lina liyenera kudziwika kwa kholo lililonse: mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kusamukira ku kalabu ya dziko lina, kupatula pazifukwa zochepa, monga makolo ake akasamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Ndiye tsamba likamalonjeza mwana wa zaka 15 kuti limutumiza ku Ulaya, dziwani kuti akufuna thumba lanu.

Taonani njira ya Fashion Sakala, mwana wa kuno ku Chipata. Anadutsa ku Nchanga Rangers ndi Zanaco, kenako Spartak Moscow mu 2017, Oostende ya ku Belgium, mpaka Rangers ya ku Glasgow mu 2021. Patson Daka anachokera ku Kafue Celtic kupita ku Salzburg, nafika ku Leicester City mu 2021. Onse awiri anali m'timu ya osapitirira zaka 20 imene inatenga chikho cha Africa mu 2017, itagonjetsa Senegal 2-0 pa Heroes Stadium ku Lusaka. Sitepe iliyonse inali kalabu yolembetsedwa, masewero enieni, ndi anthu okhala pambali pa bwalo akuwaona ndi maso awo. Kutchuka pa intaneti kunawatsatira pambuyo.

Njira imeneyi ili ndi zowawa zake. Lusaka ili pamtunda wopitirira makilomita 500, ndipo ofufuza osewera amazungulira kwambiri kumeneko ndi ku Copperbelt kusiyana ndi pa David Kaunda Stadium kuno ku Chipata. Matimu ang'onoang'ono amasonkherana ndalama ya galimoto kuti akafike ku Petauke kapena ku Chadiza, nthawi zina ana n'kusewera osadya. Ndikumvetsa chifukwa chake kholo limaona ngati foni ifupikitsa msewu wa Great East. Eni masamba aja akudya pa nkhawa yomweyi, ndipo n'chifukwa chake sindiwakhululukira.

Ngati muli ndi kandalama mwezi uno, yambani ndi chikalata chobadwira ndi khadi, yotsala muponye ku thumba la ulendo la timu. Funsaninso kochi wa mwana wanu, kuphatikizapo ine, akuonetseni umboni woti mwanayo analembetsedwadi, chifukwa si timu iliyonse yovala yunifolomu imene ili m'mabuku a FAZ. Tsamba likakutumizirani uthenga, lifunseni kuti linamuona mwanayo pamasewero ati, tsiku liti, akusewera malo ati. La mlongo wanga titalifunsa zimenezi linatibuloka.