Nyumba yakale ya kumidzi ya ku Herefordshire, nyengo yachisanu itatidutsa kawiri

Banja lathu litangolowa m'nyumba ino ndinalemba ndemanga yaifupi yoyamikira kukula kwa zipinda zake, bata la malo ano, ndiponso mitengo ikuluikulu imene yaizungulira. Zonsezo zikadali zoona mpaka lero, koma nyumba ya zaka mazana angapo siidziwika bwino m'miyezi yofunda, pamene dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku ndipo udzu uliwonse umaoneka wokongola. Tsopano popeza tadutsamo nyengo yachisanu kawiri, ndaona kuti ndi bwino ndilembenso kuti anzathu amene akulingalira zogula nyumba yotere amve zimene zimaoneka munthu akakhalitsa.

Nyumbayi ili m'chigawo cha Herefordshire, kumadzulo kwa England, kufupi ndi malire a Wales. Ndi imodzi mwa nyumba zimene kale munkakhala eni minda ikuluikulu ya m'midzi, zomwe kuno amazitchula kuti manor house. Mbali yake yakumbuyo ndi ya mitengo yolukana ya m'zaka za m'ma 1600, pomwe kumaso kwake anamangako ndi njerwa zofiira m'zaka za m'ma 1700. Ili ndi zipinda zogona 8, ndipo malo ake ndi maekala pafupifupi 12, momwe muli dimba lotchingidwa ndi mpanda wa njerwa, munda wa maapozi, msipu, ndi khola lakale la mahatchi.

Chinthu choyamba chimene mwini nyumba yotere amaphunzira ndi chakuti ngakhale walipira ndalama zonse, sangachite nayo chilichonse chimene wafuna. Nyumba yathu ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa amene amasungidwa ndi bungwe la Historic England, ndipo ili m'gulu la Grade II, momwe muli nyumba zoposa 90 pa 100 zilizonse za m'kaundulayo. Malinga ndi lamulo la mu 1990 lokhudza nyumba zoterezi, kusintha chilichonse chimene chingakhudze maonekedwe ake akale, kunja ngakhale m'kati, kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo kugwira ntchito popanda chilolezocho ndi mlandu wa kukhoti. Chitetezocho sichithera pa nyumba yokha ayi, chifukwa chimakhudzanso zomangidwa za pabwalo zimene zinalipo usanafike mwezi wa Julayi 1948, choncho khola la mahatchi lija pamodzi ndi mpanda wa dimba nazonso zili m'gulu lomwelo. Pempho la chilolezo silipiritsidwa, ndipo khonsolo imayenera kuyankha pasanathe masabata 8, koma zojambula ndi malipoti a akatswiri amene amafunika kuti pempholo limveke ndi amene amadya ndalama komanso nthawi. Chinanso chofunika kuchidziwa ndi chakuti ngati eni akale anasintha kanthu mosaloledwa, khonsolo ikhoza kulamula mwini watsopano kuti abwezeretse, ngakhale patapita zaka zambiri. Ine ndimagwirizana ndi lamuloli, pakuti popanda ilo masitepe a mtengo wa oak amene ana anga amakwera tsiku ndi tsiku akanazulidwa kalekale, koma ndiyenera kunena kuti limafuna munthu wodekha.

Nkhani yaikulu ya nyumba ino, yoposa zina zonse, ndi madzi. Denga lake si limodzi koma madenga angapo amene anawonjezedwa m'mibadwo yosiyanasiyana, ndipo pamene madenga awiri akumana pali ngalande yoyalidwa ndi mtovu, yosaoneka munthu akaima pansi. M'mwezi wa Novembala masamba a mitengo imene ndinkaiyamikira ija amagwera m'ngalandezo n'kutseka potulukira madzi, ndipo madziwo akadzaza amalowa pansi pa matailosi mwakachetechete. Ife tinazindikira vutoli titaona banga lofiirira, lalikulu ngati mbale, pa siling'i ya chipinda cha alendo. Mmisiri atakwera anatulutsa matope akuda a masamba owola odzaza ndowa zingapo, ndipo ataboola pang'ono mtanda wa denga ndi sikuludiraiva, chitsulocho chinalowa mosavuta ngati mu sopo wonyowa. Mwamwayi mbali yowolayo inali yaifupi, moti anangodulapo n'kulumikizapo mtengo wina wa oak m'malo mosintha mtanda wonse. Kuyambira pamenepo ngalande zonse zimayeretsedwa masamba akangotha kugwa komanso nyengo yachisanu ikatha, monga momwe kwathu munthu amafolerera nyumba mvula isanayambe.

Madzi ena amachokera m'makoma. Nyumba zakalezi anazimanga ndi dothi la laimu, lomwe limalola chinyontho kulowa ndi kutuluka, pomwe simenti imatsekera chinyonthocho m'kati. Winawake m'zaka zapitazo anamata simenti pa khoma la kumpoto poganiza kuti akulilimbitsa, ndipo zotsatira zake n'zakuti njerwa zinayamba kufumbutuka chisanu chikagwa, pulasitala wam'kati ankatupa, komanso m'kabati ya zovala munkamveka fungo la nkhungu. Tinapeza chilolezo chochotsa simentiyo ndi kubwezeretsa laimu, koma ntchito ya laimu siigwiridwa kukamazizira kwambiri chifukwa chisanu chimaiwononga isanaume, choncho tinadikira miyezi yofunda. Amisiri odziwa ntchitoyi ndi ochepa ndipo amakhala ndi mzere wautali wa anthu owadikira. Uphungu umene unatithandiza kwambiri tinaupeza ku bungwe loteteza nyumba zakale la SPAB, lomwe linayambitsidwa ndi William Morris ndi anzake mu 1877, ndipo mfundo yake ndi yakuti nyumba yakale izikonzedwa pang'onopang'ono nthawi zonse m'malo modikira kuti iwonongeke. Khomalo tsopano likuuma, ngakhale kuti khoma lokhuthala chonchi limatenga miyezi yambiri kuti liumiretu.

Ntchito ya padenga inachedwanso chifukwa cha mileme. Mileme yonse ku Britain ndi yotetezedwa ndi lamulo, pamodzi ndi malo amene imagona, ndipo m'denga lathu muli ya makutu ataliatali. Katswiri anayenera kubwera madzulo kudzaiwerenga ikamatuluka, zomwe zimachitika pakati pa Meyi ndi Seputembala pokha, kenako tinatenga chilolezo ku bungwe la boma loona zachilengedwe la Natural England. Pansi pa matailosi tinayalapo nsalu ya phula yachikale osati zamakono zija, chifukwa ulusi wa zamakonozo umakola mapazi a mileme. Ana amakonda kuiona ikutuluka dzuwa likalowa, ndipo siitisokoneza m'nyumba, koma aliyense wokonzekera ntchito ya padenga adziwe kuti mileme ikhoza kuikankhira chaka chamawa.

Za kutenthetsa nyumba ndinene mosabisa kuti nyumba ino siifunda yonse nthawi imodzi. Kuno kulibe mapaipi a gasi, choncho boila yathu imayendera palafini amene amabwera pa lole n'kuthiridwa m'thanki ya kuseri. Mtengo wa mafuta amenewa suli pansi pa malire amene bungwe la Ofgem limaika pa magetsi ndi gasi, ndipo anthu a m'midzi ino amakumbukirabe momwe unakwerera mwadzidzidzi mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba. Mawindo athu ndi a galasi limodzi lopyapyala, ndipo kuwasintha ndi apulasitiki sikungaloledwe. Zimene zathandiza ndi zitseko zamatabwa zakale za m'kati mwa mawindo, zomwe timatseka kukangoyamba kuda cha m'ma 4 koloko masana mu Disembala, makatani okhuthala, ndiponso galasi lachiwiri lomwe taika m'kati mwa mawindo a zipinda zogona. Kuyambira Novembala mpaka Marichi banja lonse limasonkhana m'khitchini ndi m'chipinda chimodzi chokhala ndi mbaula ya nkhuni, pomwe chipinda chachikulu chodyeramo, chimene chinatikopa pa zithunzi za ogulitsa, chimakhala chotseka mpaka kubwere alendo.

M'kanjira kolowera ku khitchini mukadali mabelu ang'onoang'ono ondandalikidwa pakhoma, lililonse lolembedwa pansi pake dzina la chipinda. Mabelu amenewa amafotokoza bwino vuto la nyumba zoterezi, chifukwa zinamangidwa podalira antchito ambiri osonkha moto, otunga madzi, ochapa ndi olima. Antchitowo atachepa pambuyo pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse, ndiponso msonkho wa chuma cha masiye utakwera, mabanja ambiri analephera kuzisamalira ndipo nyumba mazanamazana zinagwetsedwa, makamaka m'zaka za m'ma 1950. Bungwe losamalira malo a mbiri yakale la National Trust linayamba kulandira zina mwa izo kuyambira mu 1937, ndipo chionetsero chimene chinachitika ku Victoria and Albert Museum ku London mu 1974 chinadzutsa anthu kuti aone kuchuluka kwa zimene zinatayika. Ntchito imene antchito aja ankagwira ikadalipo, kungoti tsopano ili pa ife, pa makina, ndi pa anthu awiri amene amabwera masiku ena pa sabata.

Pa zolipira zina ndingodutsa mwachangu. Msonkho wa khonsolo tili m'gulu lapamwamba la H, lomwe limalipira kawiri poyerekeza ndi gulu la D. Inshuwalansi imawerengedwa potengera mtengo womangiranso nyumbayi ndi zipangizo zachikale, womwe ndi wokwera kuposa mtengo umene tinagulira. Ntchito yokonza imalipira msonkho wa VAT wa 20 pa 100, ndipo mwayi umene unalipo wosalipira msonkhowu pa zosintha zololedwa unathetsedwa mu 2012. Thanki ya zonyansa za m'zimbudzi nayo tinaisintha chifukwa malamulo salolanso yakale yotayira madzi ake mwachindunji mumtsinje.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri, kuposa nyumba yeniyeniyo, ndi malo ake. Dimba la mpanda lija ndi chinthu chimene anthu akale anachiganizira mozama, pakuti khoma loyang'ana kumwera limamwa dzuwa masana n'kumatulutsa kutentha usiku, komanso limatchinga mphepo, moti mapeyala oyalidwa pakhomapo amapsa msanga. Mayi anga atabwera kuchokera ku Malawi anatenga mbali imodzi ya dimbalo kukhala yawo. Maungu tinawafesa m'nyumba ya magalasi n'kuwawokera panja kumapeto kwa Meyi chisanu chitatha, ndipo nkhwani tinadya mpaka Seputembala. Mpiru ndi repu zinachita bwino kwambiri, kupatula kuti nkhono zopanda chigoba zimadya mbande usiku ngati munthu sazitola. Chimanga choyera cha kwathu chinakula kutalika kuposa munthu koma chinachedwa kumasula ngayaye chifukwa masana a kuno ndi aatali kwambiri m'miyezi yolima, ndipo chisanu cha mu Okutobala chinachipeza chisanakhwime. Chimanga chotsekemera cha kuno ndicho chinatipatsa mondokwa. M'munda wa maapozi zipatso zimachuluka kuposa zimene banja lingadye, ndipo popeza Herefordshire ndi dera lotchuka ndi chakumwa cha maapozi chotchedwa cider, sikusowa woti atenge zotsala.

Malo aakulu ali ndi ntchito yakenso. Kapinga amafuna kutchetcha sabata iliyonse kuyambira Epulo mpaka Okutobala, choncho mbali yaikulu tinaisiya kuti udzu ukule n'kumatchetcha kamodzi pa chaka, ndipo msipu tinabwereka mlimi woyandikana nafe kuti azidyetsamo nkhosa. Mipanda ya zitsamba sitiidula m'miyezi imene mbalame zimaswa. Mitengo ya ash yagwidwa ndi matenda oumitsa nthambi amene anapezeka koyamba ku Britain mu 2012, ndipo iwiri imene inali pafupi ndi msewu tinaidulitsa kwa akatswiri chifukwa nthambi ikagwera munthu mlandu ndi wa mwini malo. Kumapeto kwa msipu kumadutsa njira ya anthu oyenda pansi yomwe lamulo sililola kuitseka. Poyamba zinkatidabwitsa kuona anthu osawadziwa akudutsa ndi agalu awo m'malo athu, koma anthu ambiri a m'mudzi uno tinadziwana nawo pa njira yomweyo.

Pa moyo wa banja, nyumba ino imakoma ikadzaza. Pa Khirisimasi abale ochokera ku Birmingham, ku Leicester ndi ku Manchester anagona kuno onse popanda wogona pa mpando, nsima inaphikidwa m'mapoto akuluakulu, ndipo ana ankathamanga m'makonde popanda woyandikana naye wodandaula za phokoso. Koma pakati pa sabata mu Januwale, ana ali ku sukulu, nyumbayi imakhala zii ndipo imakulira munthu. Chilichonse chimafuna galimoto, kaya ndi sukulu, sitolo kapena chipatala, misewu yake ndi yopapatiza, ndipo mvula ikachuluka madzi amasefukira m'malo otsika. Akazi anga, amene amagwira ntchito zina ali kunyumba, anavutika ndi intaneti yochedwa, ndiponso makoma okhuthala amatchinga netiweki kotero kuti tinayala mawaya m'njira zimene sizinafune kuboola matabwa akale.

Kwa banja la anthu awiri kapena atatu ofuna moyo wopepuka, sindingalimbikitse nyumba yotere, chifukwa ndalama zomwezo zikhoza kugula nyumba yatsopano yofunda yopanda mavuto onsewa. Imayenera banja lalikulu lokonda alendo ndi kulima, lomwe lingapatule ndalama chaka chilichonse za denga ndi makoma lisanaganize za khitchini yatsopano. Wofuna kugula apite kukaiona tsiku la mvula, atenge katswiri woyeza nyumba amene anazolowera nyumba zakale ndipo amupemphe kuti akwere m'denga, afunse mapepala a chilolezo cha ntchito iliyonse imene inagwiridwapo, komanso aone malisiti a mafuta a zaka zingapo zapitazo. Ife chaka chamawa tikuyembekeza kukonza chumuni ziwiri zimene zayamba kupendekeka, ndipo pempho lake lapita kale ku khonsolo kuti yankho lidzafike nyengo ya laimu isanayambe.