Zotsatsa malonda zotengera nkhani ya patsamba: mmene zandiyendera

Pamene ndinkalemba koyamba za nkhaniyi, ndinali nditangozimitsa pa webusaiti yanga zotsatsa zimene zimalondola munthu kulikonse kumene wayenda pa intaneti. Ndinangosiya zija zimene makina amasankha atawerenga nkhani imene ili patsambalo. Papita miyezi yambiri tsopano ndipo sindinabwerere ku njira yakale, ngakhale kuti si zonse zimene zandikomera.

Webusaitiyi imalemba za mabatire, ma inverter, magetsi a dzuwa ndi kukonza mafoni, komanso timankhani ta zomwe zikuchitika pa nkhani za mphamvu zamagetsi. Pa masamba ofotokoza chinthu chimodzi mwakuya, monga kusiyana kwa batire ya lithium ndi ya asidi, njirayi yagwira ntchito kuposa mmene ndinkayembekezera. Munthu amene wafika pa tsamba lotere amakhala kuti akufuna kugula batire, ndipo wogulitsa mabatire safunika kudziwa zaka zake kapena masamba amene anatsegula dzulo. Nkhaniyo yamuuza kale zonse. Zotsatsa zake zimagwirizana ndi zolembedwa, anthu amazidina, ndipo mtengo umene otsatsa amalipira pamenepo sunatsike. Lusoli si lachilendo ayi. AdSense, njira ya Google yoikira zotsatsa pa mawebusaiti a anthu ena, inayamba choncho mu 2003, chaka chomwe kampaniyo inagula Applied Semantics, yomwe inkadziwika ndi makina omva tanthauzo la mawu a patsamba.

Pa masamba a nkhani wamba m'pamene ndalama zinachepa. Nkhani ya mtsutso wa mitengo ya magetsi ilibe katundu woti agulitsidwe pambali pake, choncho pamabwera zotsatsa zotchipa zopanda mutu.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi mndandanda wa mawu oletsedwa. Otsatsa ambiri amauza makina kuti malonda awo asaoneke pafupi ndi mawu monga moto, kuphulika kapena imfa. Nkhani yanga yothandiza kwambiri owerenga ndi yofotokoza mmene mungapewere kuti batire isagwire moto, ndipo ndi imene imabweretsa ndalama zochepa zedi, chifukwa makina akangoona mawu amenewo amathawa osawerenga n'komwe kuti ndi malangizo achitetezo. Manyuzipepala akuluakulu anakumana nazo mu 2020, pamene otsatsa analetsa mawu akuti coronavirus nthawi imene anthu ankawerenga nkhanizo kuposa china chilichonse. Ndinadandaula ku kampani imene imandipezera otsatsa, koma anandiyankha kuti mndandandawo ndi wa otsatsawo, iwo alibe nawo mphamvu. Pano ndimadzipeza ndikuyesedwa kusintha mawu kuti ndisangalatse makina, ndipo zimenezo sizindisangalatsa ngati wolemba.

Nditagawa owerenga potengera browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) imene amagwiritsa ntchito, ndinaona chinthu chimene chimafotokoza zambiri. Kwa obwera ndi Safari kapena Firefox, ndalama sizinasinthe kwenikweni, chifukwa Firefox inayamba kutsekereza ma cookie (timafayilo timene mawebusaiti amasunga mu browser kuti azimuzindikira munthu) olondola anthu mu 2019 ndipo Safari inatsekeratu ma cookie a makampani ena mu 2020. Kumeneko panalibe choti nditaye. Kutsika kunaonekera kwa obwera ndi Chrome. Google inalengeza mu Januwale 2020 kuti ithetsa ma cookie amenewa m'zaka ziwiri, inazengereza kangapo, kenako mu Julaye 2024 inasiya ganizolo. Malinga ngati Chrome ikuwalolabe, wotsatsa apitiriza kulipira zambiri kuti apeze munthu amene akumudziwa kale, ndipo mwini tsamba amene wakana kulondola anthu amapikisana ndi anzake ali ndi dzanja limodzi. Amene ankanena kuti njira yotengera nkhani ilanda msika wonse posachedwa ankawerengera lonjezo lija la 2020.

Anthu amakonda kutchula Ster, yomwe imagulitsa malo otsatsira a wailesi ndi kanema wa boma ku Netherlands, yomwe inasiya ma cookie olondola anthu mu 2020 ndipo ndalama zake zinakwera. N'zoona, koma iwo ali ndi antchito awoawo ogulitsa malo komanso owerenga ochuluka, moti anachotsa a pakati amene ankadyapo gawo lalikulu. Ine phindu langa loona labweranso mwa njira yomweyo pang'ono chabe: ogulitsa zipangizo angapo anandilembera okha kufuna malo pa masamba a mabatire, ndipo amalipira bwino kuposa msika wa makina.

Masamba akutseguka msanga chifukwa timapulogalamu tolondola tachepa. Koma musaganize kuti ma cookie atheratu. Ena amatsalabe owerengera kuti munthu waona kangati malonda omwewo ndi ogwira akuba odina mwachinyengo, choncho kabokosi kopempha chilolezo kwa owerenga a ku Ulaya, komwe kanafala kwambiri lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu la GDPR litayamba kugwira ntchito mu 2018, sikanachoke.

Kwa wotsatsa vuto lalikulu ndi kuyeza. Popanda kulondola munthu n'kovuta kudziwa ngati amene wagula lero ndi yemwe anaona malonda sabata yatha, ndipo abwana amafuna manambala. Ndikuona kuti pamenepo m'pamene pali mfundo yovuta kumasula, osati pa luso lowerenga tsamba, lomwe likupita patsogolo mofulumira ndi makina atsopano omva chiganizo chonse m'malo mosaka mawu amodziamodzi. Tsiku limene otsatsa adzakhulupirire makina amenewo n'kutaya mindandanda yawo ya mawu oletsedwa, nkhani yanga ya batire yogwira moto idzayamba kulipira. Pakadali pano masamba a zipangizo ndawasiya pa njira yotengera nkhani, ndipo a nkhani wamba ndikuwafunira wotsatsa mmodzi wokhazikika woti azilipira pamwezi.