Khola la agalu kuseri kwa sitolo ya mankhwala a ziweto

Pamsewu wa M1, ukadutsa Ngabu kulowera ku Bangula, pali kasitolo komwe ambiri amangokadziwa ngati kogulako dibi wa ng'ombe ndi katemera wa chitopa. Chimene sichinalembedwe pachikwangwani n'chakuti kuseri kuli khola la agalu. Mwini wake, bambo amene anali mlangizi wa ziweto asanapume pantchito, amasunga agalu a anthu amene madzi awathamangitsa m'nyumba. Ine ndinasiyako wanga, Atilekeni, nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Kumsasa wa othawa madzi kulibe malo a galu, ndipo a komiti salakwa akamakana. M'kalasi limodzi mumagona mabanja ambirimbiri, makanda akukwawa pansi, ufa n'ngowerengera mitu ya anthu. Freddy anasowetsa pokhala anthu oposa 600,000 m'dziko muno, ndiye ndani akanaganiza za galu? Koma ife akuchigwa tinaona pa madzi osefukira a mu 2015, tinaonanso pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Ana mu 2022 zomwe zimatsatira. Agogo amakana kukwera bwato chifukwa mbuzi ndi galu zikutsala. Ena amamusiya galu pachulu, ndipo akapulumuka amayamba kudya mitembo ya ziweto, kuyenda m'magulu, kulusa. Madzi akaphwa anthu amabwerera m'mudzi modzaza agalu opanda mwini, mwana akalumidwa palibe wodziwa ngati galuyo anabayidwapo katemera wa chiwewe.

Funso loyamba la bambowa linali lomwelo. "Mayi, wa chiwewe anabayitsa liti?" Kapepala kanga kanali katapita ndi madzi pamodzi ndi ziphaso za kuchipatala. Sanakangane nane, anangomubaya, n'kumumangirira payekha pansi pa mtengo wa nimu kuti ayambe amuona kaye. Kenako anamutsegula milomo kuona nkhama, anati zayera, magazi achepa. Atapinda khutu ndinachita manyazi: nkhupakupa zinali zitandandana m'mphepete monse, zina zotupa ngati nsatsi. Anazichotsa imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira, akugwira pafupi ndi khungu kuti mutu usatsalire, n'kumaziponya m'kachitini ka parafini. Ali mkati mochotsa anandifunsa ngati ndimamusambitsa ndi mankhwala a thonje. Ndinati ayi. Anati kuno ambiri amatero, ndipo agalu amene amabwera akunjenjemera, dovu lili chuchuchu, eni ake n'kumati walodzedwa, kawirikawiri ndi omwewo.

Za malipiro ndi zimene zinandigwira mtima. Ndinafika ndi chitenje chimodzi ndi foni yothima. Anatenga kope la ana asukulu, analemba dzina la galu, mudzi wanga ndi mfumu yathu, n'kunena kuti, "Katemerayu mudzalipira ndalama chifukwa inenso ndimagula. Za chakudya mudzabweretsa madeya mukapeza, kaya mitu ya mlamba." Agalu amadya phala la madeya losakaniza ndi mitu ya nsomba, makakana kapena mlamba, kamodzi madzulo. Si chakudya chonenepetsa, koma Atilekeni sanabwere nthiti zili pamtunda.

Furiji yawo ndi ya sola. Ena angaone ngati n'zazing'ono, koma katemera amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, pamene kuno mu Okutobala kutentha kumapitirira 40. Chiwonongekereni malo opangira magetsi a Kapichira pa Ana mu Januwale 2022, tonse tinaphunzira kuti magetsi si odalira. Katemera akatentha akhoza kutha mphamvu. Kulikonse kumene mukabayitse galu, pemphani muone kumene botolo latuluka.

Tsopano zoipa. Kholalo n'lofolera ndi malata, lalifupi, ndipo masana mkati mumakhala ng'anjo. Nthawi ya Freddy agalu anachuluka kuposa malo, moti amene anayenera kukhala paokha ankagundana mphuno ndi anzawo kudzera m'mawaya. Wanga anabwerako ndi mphere m'zigongono ndi kuzungulira maso. Mankhwala ake anandipatsa osalipiritsa, koma kuchira kunatenga nthawi, ndipo ana ndinawaletsa kumugwira. Fungo nalo silobisika, madzi otsukira amachita kutunga pamjigo. Amphaka salandira, ati alibe potsekera poti sangathawe, komanso dibi amene amathira agalu akhoza kupha mphaka. Chifukwacho n'chomveka, komabe mnansi wanga wokalamba amene amakhala ndi mphaka yekha m'nyumba sanathandizidwe.

Vuto lalikulu n'kufikako. Alibe galimoto kapena njinga yamoto yokatengera ziweto, ndipo foni yawo imapezeka mwa mwayi. Kwa anthu a kutsidya la kum'mawa kwa Shire, a ku Makhanga ndi kwina kumene Ruo amasefukira, thandizoli lili ngati kulibe. Chidukireni njira ya pa Chiromo mu 1997 amaoloka pabwato, ndipo madzi akakwiya mwini bwato sangasiye munthu kuti akweze galu.

Mu 2024, chilala cha El Niño chitapsereza chimanga ndi mapira, anthu kwathu anabwerera kudambo kukakumba nyika, mizu ya zomera za m'madzi imene timadya pa njala. Madeya amene tinkapatsa galu tinayamba kudya tokha. Ndinapitanso kwa bambowa, ulendo uno kukawapempha kuti amupezere Atilekeni mwini wina. Anakana. "Mayi, inu mumagona nokha, mbuzi zanu ziwiri zija akulonderani ndani? Chaka cha njala ndiye chaka cha akuba." Anandipimira madeya pangongole, analemba m'kope lomwe lija, n'kundiuza kuti ndizipempha matumbo ndi mamba a nsomba kwa amayi ogulitsa pamsika. Ndinachoka nditakwiya pang'ono, koma galuyo ndikadali naye, mbuzinso zilipo. Agalu aamuna amafula pomwepo. Aakazi sawachita opaleshoni yotseka, amati zimenezo n'za madokotala a ku Blantyre, ndiye ana agalu amene anabadwa chaka chimenecho ndinavutika nawo ndekha.

Amene muli kufupi ndi msewu, pitani mvula isanayambe mukalembetse galu wanu ndi kumubayitsa, kapena dikirani katemera wa boma. Kapepalako kasungeni m'pulasitiki. Galu wobayidwa kale amalandiridwa msanga ndipo samangiriridwa payekha. Tengani unyolo wanu ndi mbale yake, pakuti zimenezi kumeneko n'zoperewera. Za denga ndinawauza maso ndi maso kuti ayale bango kapena mlaza pamwamba pa malata, anati ayamba anthu akabweza ngongole za m'kope.